Tebulo la Mabatani

Ku Buligay, sitolo ya kaunjika ya m'tauni ya Santa Rufina, pa chilumba cha minda ya nzimbe kumwera kwa Manila, chovala sichinkatuluka momwe chalowera. Malaya akabwera ndi mabatani oyera ankatuluka ndi akuda. Diresi likabwera ndi kolala yozungulira linkatuluka ndi yosongoka, kapena lopanda kolala n'komwe, mwinanso litaviikidwa mu utoto mpaka mwini wake wakale kulidutsa pamsewu osalizindikira. Ntchito imeneyi inkachitikira pa tebulo lalitali la pafupi ndi zenera, ndipo mwini tebulolo, ngakhale panalibe pepala lonena choncho, anali Nang Luding. Kumeneko mayi wachikulire amamutchula Nang, bambo wachikulire Nong.

Anali atakhalapo zaka makumi anayi, kungotsala miyezi yochepa. Moyang'anana nawo pankakhala Nong Coroy, bambo wa mwendo umodzi wouma, umene ngolo ya nzimbe inauponda iwo ali mnyamata. Pakamwa pawo ndiye panalibe chouma. Kumapeto kwa tebulo kunkakhala mayi wina wamasiye ndi bambo wina wongotuluka kumene kundende, amene zala zake zinali zisanagwirizane ndi singano.

Lolemba lina m'mawa, Marivic, manijala watsopano, anaima pakati pa matumba a zovala akupotokola zala.

"Nang, musandione ngati woipa mtima," anatero. "Taonani nokha. Matumba afika kudenga. Amene anabwera pa Khirisimasi sanamasulidwe mpaka lero, ndipo mvula ikangoyamba zonsezi zichita nkhungu. Ife tili pano kusintha mabatani a malaya amene bwenzi anthu atavala kalekale."

"Ndiye ukufuna titani, mwanangu?" anafunsa Nang Luding, osakweza mutu.

"Tichape, tisite, tigulitse. Basi. Masiku ano ndani akuchita manyazi ndi kaunjika? Ana a dokotala amabwera muno kudzasankha zovala, n'kumazijambula pa foni monyadira. Loweruka ndikapempha komiti kuti tebulo ili lithe. Anthu anayinu muzikagwira kosungira katundu."

Kosungira katundu ntchito yake ndi yosenza matumba. Aliyense anaponya diso pa mwendo wa Nong Coroy, kenako n'kulibweza msanga.

"Za ine musadandaule," anatero Nong Coroy. "Muzikandisanja limodzi ndi matumbawo. Koma mundiike pamwamba, pansi pamazizira."

Palibe anaseka, ndipo zimenezo zinawapweteka kuposa nkhaniyo.

Marivic sanali munthu woipa. Anali mwana wa wodula nzimbe, anaphunzira mumzinda wa Bacolod, ndipo akanatha kupita ku Manila kukakhala mu ofesi yozizira, koma anabwerera kwawo. Za matumbazo ankanena zoona. Vuto la anthu anzeru ndi limenelo: kawirikawiri amakhala akunena zoona, ndiye umasowa poyambira kuwatsutsa.

Buligay inabadwa ndi njala. Mu 1985 mtengo wa shuga unagwa, fakitale inatseka zipata, ndipo amuna amene ankalawirira kuminda tambala asanalire anayamba kutandala pamakwerero a nyumba zawo kuyang'ana nkhuku. Ana ankatafuna nzimbe m'malo mwa mpunga. Pamenepo Sisitere Milagros, kamayi kakafupi koyenda ngati kaiwala mphika pamoto, anazungulira nyumba za eni minda kupempha zovala zimene eni ake atopa nazo. Poyamba ankafuna kungogawa. Anthu sanabwere. Munthu wa ku Santa Rufina alola kugona ndi njala, koma osati kuima pamzere wolandira zaulere anansi akuona. Sisitere anasintha nzeru. Analemba amayi asanu ochapa, amuna awiri osita ndi mmodzi wokoka ngolo, n'kuyamba kugulitsa zovalazo motchipa pakhonde la tchalitchi. Wogula ankachoka ngati wogula wina aliyense, wochapa ankapita kwawo ndi mpunga wa thukuta lake. Kuchokera pakhonde lija anasamukira m'nyumba yakale yosungiramo feteleza, ochapa asanu aja anasanduka antchito makumi atatu, ndipo amene fakitale, ndende kapena ukalamba wamutaya ankadziwa chitseko chogogoda.

Za chiyambi cha tebulo la mabatani, aliyense wolowa ntchito ankazimva kwa Nong Coroy tsiku loyamba lomwelo, afune asafune. Ankati kunali mayi wina wonenepa wa kutsidya la mtsinje amene anagula diresi lobiriwira pakhonde paja, n'kulivala pa Misa ya chikondwerero cha tauni. Potuluka anakumana maso ndi maso ndi Donya Amparo, mkazi wa mwini minda, amene anakuwa kuti, "Si diresi langa ili? Ine ndinkakazingira nalo nsomba!" Mayi uja akuti analiyatsa liwiro, nsapato zili kumanja, mpaka anakagwera m'ngalande ya kukhola la nkhumba. Chaka chilichonse ngalandeyo inkazama, nkhumba zinkachuluka. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo Nang Luding ankaseka nawo n'kunena kuti, "Bodza lakukulirani, Nong."

Lolemba lija Nong Coroy anayesa kuiyambanso nkhaniyo, poganiza kuti mwina ithandiza.

"Imeneyo ndi nthano, Nong," Marivic anawadula mwaulemu. "Ndawerenga makalata onse amene Sisitere anasiya. Mulibe dzina la mayi ameneyo. Sitingalole zovala kuwolera m'matumba chifukwa cha nthano."

Nang Luding analuma ulusi n'kuudula. Mayi uja sanali wonenepa, sanali wa kutsidya la mtsinje, diresilo linali lachikasu, ndipo ngalande kunalibe. Mayiyo anali iwowo. Nthawi imeneyo anali mtengwa wongobwera kumene kuchokera ku chilumba china, nkhope yawo isanadziwike m'tauni. Zinachitikira pa chitseko cham'mbali cha tchalitchi, pamaso pa anthu ochepa, ndipo amene ankadziwa dzina anali Sisitere Milagros okha, amene anapita nalo kumanda. Ngakhale malemu amuna awo sanamvepo. Nang Luding ankaganiza kuti Nong Coroy anatola nyenyeswa za nkhaniyo kwa Sisitere n'kuzithira mchere wawo, ndipo mumtima ankathokoza, poti mayi wonenepa uja anawasenzera manyazi awo zaka zonsezi osadandaula.

Lachitatu Marivic anayamba kukhoma zithunzi pakhoma, kukonzekera chikondwerero cha zaka makumi anayi za sitoloyo. Panali Sisitere ali ndi beseni pamutu, ngolo yoyamba ija, ndi ana a antchito pa masiku awo akuluakulu. Anabwera nacho chimodzi ku tebulo, nkhope ili mwee.

"Nang, mukumuzindikira uyu?"

Anali ana ovala zoyera pamzere, tsiku lolandira Ukaristia woyamba. Wachitatu kuchokera kumanzere anali Marivic, mano awiri akutsogolo kulibe.

"Diresi lokhali ndi limene ndinavalapo latsopano ndili mwana," anatero. "Mayi anachita kukaligula ku Bacolod. Anandiuza kuti anazungulira masitolo asanu ndi limodzi. Uyu ali pambali pangayu ndi mwana wa mwini famase, sitolo ya mankhwala ija. Tsiku limenelo ndinkadziona ngati ndife ofanana."

Nang Luding anavala magalasi, ngakhale sankawafunikira. Msoko wako umaudziwa ngati mwana wako. Diresilo linali la mkulu wake wa mwana wa mwini famase yemweyo. Mayi ake a Marivic anadzalitenga masana dzuwa lili paliwombo, anthu akupuma m'nyumba, kudzera chitseko chakumbuyo. Nang Luding ndi amene anachotsa manja otukumuka, n'kusoka kolala yaing'ono, ndipo Nong Coroy anasokerera timabatani khumi ndi tiwiri tochokera pa diresi la ukwati la munthu wina. Mng'ono wa mwini diresilo anaima phewa ndi phewa ndi Marivic osadziwa kanthu.

"Amako anali ndi diso," anatero Nang Luding, n'kubweza chithunzicho.

Marivic atangochoka, Nong Coroy anawerama pa tebulo.

"Mwaonatu," ananong'ona. "Mabatani anga aja. Muuzeni. Mawu awiri okha, tebulo lapulumuka."

"Khalani chete."

"Akuti palibe wochita manyazi. Adziwa bwanji manyazi, ife tinamutchinjiriza asanamufike? Muuzeni, Nang. Kapena ndimuuze ndine, pakamwa panga pazolowera kale kutukwanidwa."

"Mukangoyerekeza, mwendo winawo ndiuumitsa ndine," anatero Nang Luding. Kenako anatsitsa mawu. "Amake anamwalira akudziwa kuti pano sitinena amene wabweretsa, sitinena amene wagula. Tikamuuza, tebulo ili talitseka tokha, komiti isanakhale n'komwe. Mukufuna mwana uja ayang'ane chithunzi chake n'kuona diresi la eni?"

Nong Coroy anakanda m'mutu. "Ndiye tingolitaya?"

Nang Luding ankadziwa kuti pali nkhani ina imene ikanagwira ntchito yomweyo, ndipo imeneyo sinali ya munthu wina aliyense koma yawo. Anaiopa. Ndi zopusa kuti mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi, wa zidzukulu zisanu ndi ziwiri, aziopa diresi limene linatha kalekale, koma ankaliopa ndithu. Masiku awiri otsatirawo anasoka batani limodzi katatu, mpunga unawapserera, ndipo Lachisanu anakalipira mayi wamasiye uja popanda chifukwa, n'kumugulira nthochi zokazinga pomupepesa. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Loweruka m'mawa komiti inakhala mu holo ya tchalitchi: Bambo Mfumu, mphunzitsi wina wopuma ntchito, ndi anthu ena asanu. Antchito anadzaza mabenchi akumbuyo. Marivic analankhula bwino, mopanda kunyoza aliyense, ndipo mitu ya a komiti inkagwedezeka movomereza. Bambo Mfumu atafunsa ngati pali wina wofuna kunenapo, Nang Luding anaimirira atagwira benchi lakutsogolo.

"Ine sinditha kulankhula pagulu," anayamba. "Ndingokonza nkhani imodzi imene Nong Coroy akhala akuiwononga. Mayi wa diresi uja sanagwere m'ngalande."

Kumbuyo ena anayamba kuseka, poganiza kuti kukubwera nthabwala.

"Sanali wonenepa. Chaka chimenecho wonenepa anali ndani? Ndinali ine."

Oseka aja analeka, ndipo Nang Luding anapitiriza.

"Ndinali nditangokwatiwa kumene. Mwezi umene ndinafika kuno ndi umene fakitale inatseka. Amuna anga, a Tasyo, anakhala miyezi isanu ndi iwiri osagwira ntchito, ndipo anasiya kundiyang'ana kumaso. Osati chifukwa chodana nane, koma ankachita manyazi kuti ananditenga kwathu kudzandigoneka ndi njala. Ine ndinachapa kwa Sisitere masabata atatu kuti ndigule diresi lachikasu limene ndinaliona pakhonde. Sindinkafuna kuonetsa anthu. Ndinkangofuna bambo aja andione kamodzi ndikuoneka bwino, adziwe kuti sanandiwononge."

Anatembenukira kwa a komiti n'kupitiriza.

"Donya Amparo sanakuwe. Mulungu awakhululukire, sanali ndi nkhanza n'komwe. Anandigwira mkono pa chitseko cham'mbali, akumwetulira, n'kunena kuti, 'Aa, diresi langa. Mabatani awa ndinawagula ku Manila. Likukukhala bwino, mwanawe.' Basi. Iwo ankaona ngati andiyamikira. Koma panali anyamata atatu ataima pamenepo, ndipo anaseka. Nkhope zawo sindinazione, ndinali nditazolika. Sindinathamange. Ndinayenda bwinobwino. Amuna anga ankandidikira pabwalo atagula kachitumbuwa ka mpunga kuti tigawane, ine ndinawadutsa ngati sindikuwadziwa. Ndinakafika kunyumba, ndinavula diresilo, ndipo sanalionenso. Anamwalira akuganiza kuti tsiku lija ndinawakwiyira iwowo."

Mphunzitsi wopuma uja anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"Ndinasiya kupita kochapa. Sisitere ananditsatira kunyumba, anakhala pamakwerero mpaka ndinatuluka. Ndinawauza kuti, 'Sisitere, zovala mwatipatsa, koma eni ake akadali momwemo.' M'mawa mwake anabwera ndi chitini cha mabatani ndi lumo, n'kunena kuti, 'Ndiye bwera udzawatulutse.' Tebulo lija linayamba choncho."

Anatembenukira kwa Marivic.

"Mwanangu, wanena zoona kuti ana a dokotala sachita manyazi ndi kaunjika. Achita bwanji manyazi, akudziwa kuti mawa akhoza kugula chatsopano? Kwa iwo ndi masewera. Funsa amene sangathe. Koma sakuuza, ndiye vuto lake. Ine zanditengera zaka makumi anayi."

Anakhala pansi. Manyazi amene ankawaopa aja anafikadi, otentha kumaso ngati tsiku lomwe lija. Koma anadabwa kuona kuti sanakhalitse.

Marivic anayang'ananso mapepala ake, ndipo amene anapeza njira anali iye yemwe. Ananena kuti matumba ambiri odzaza kudenga aja ndi ochokera ku Manila ndi ku Cebu, kumene palibe wa ku Santa Rufina amene angakumane ndi mwini chovala. Amenewo achapidwe, asitidwe, agulitsidwe momwe alili. Koma chilichonse chochokera m'tauni muno ndi m'midzi yozungulira chizidzera pa tebulo ngati kale. A komiti anavomereza msanga, mwa anthu amene akufuna kutuluka panja akapume mpweya.

Pakhomo Marivic anagwira dzanja la Nang Luding n'kuligunditsa pamphumi pake monga amachitira ana polemekeza akulu, maso ali ofiira.

"Mundikhululukire, Nang. Sindinkadziwa. Ine zoterezi sizinandichitikirepo."

"Unali ndi mwayi," anatero Nang Luding. "Pita ukamasule matumba ako."

Masana a Loweruka sitolo imatseka, koma Nang Luding anabwerera ku tebulo, poti sankafuna kuyenda m'misewu anthu akuwayang'ana ndi maso achisoni. Anapeza Nong Coroy atafika kale, malaya ali pamiyendo, singano kudzanja, osasoka. Anakhala choncho mpaka Nang Luding anatopa nazo.

"Mwatani? Mukulira nkhumba zanu zija?"

"Ndinkadziwa kuti linali lachikasu," anatero Nong Coroy.

"Anakuuzani Sisitere?"

"Ayi." Anayang'ana pawindo. "Anyamata atatu aja. Wapakati ndinali ine."

Nang Luding anaika lumo pansi pang'onopang'ono.

"Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wopanda ntchito, wopanda nzeru," anapitiriza. "Sindikudziwa chimene ndinaseka. Inenso malaya amene ndinavala tsikulo anali a pakhonde pomwepo. Mwina ndinaseka pokondwa kuti agwira inu, osati ine. Nditabwera kudzapempha ntchito ndinakupezani pa tebulo pano, ndinakuzindikirani nthawi yomweyo. Sisitere anafuna kundiika kosita, ine ndinapempha pano. Ndinkati ndipepesa sabata yomweyo."

"Sabata yake ndi ino?"

"Ndinkati mawa, mawa. Kenako anthu anayamba kufunsa kuti tebuloli linayamba bwanji, ena akuti anamva za mtengwa wina wachilendo. Ndiye ndinawapatsa mayi wonenepa wa kutsidya. Ndinawapatsa ngalande. Anthu akaseka ngalande safunsa dzina."

Mkwiyo unawakwera Nang Luding, weniweni, umene anausunga zaka makumi anayi osadziwa woupatsa. Kuseka kuja ankakumvabe nthawi zina akamadutsa pa chitseko cham'mbali, ndipo mwini wake anali atakhala moyang'anana nawo masiku onsewa, akudya nawo nsomba zouma m'mbale imodzi, ananyamula nawo bokosi la maliro la a Tasyo ndi mwendo wake woumawo. Anafuna kuwagenda ndi chitini. Anawayang'ana: nkhalamba ya imvi, yogwa mapewa, ikudikira chilango ngati mwana wa sukulu. Anafufuza mnyamata woseka uja pankhopeyo, koma sanamupeze. Amene analipo anali mnzawo, ndipo anamumvera chisoni.

"Ndinu chitsiru, Nong," anatero.

"Ndikudziwa."

"Mukanandiuza kale, bwenzi nditakutukwanani ndili ndi mano onse. Pano mawu ake azituluka ndi mphepo."

Nong Coroy anayesa kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali chiseko. Anapukuta mphuno ndi mkono, n'kukweza singano kuti alowetse ulusi. Anayesa kawiri, katatu, ulusi ukungopinda pambali.

Nang Luding anatambasula dzanja pamwamba pa tebulo.

"Bweretsani kuno," anatero. Analowetsa ulusiwo, anamanga mfundo, n'kuwabwezera singano yawo.